Kugona m'mbali mwa nyanja ku Dar ndi nkhani ya ma pointi a m'mahotela

Amalawi ambiri tikamati tikupita ku Dar es Salaam ku Tanzania timakhala tikutsatira zinthu ziwiri, galimoto yomwe yafika padoko kuchokera ku Japan kapena katundu wa ku msika waukulu wa Kariakoo, ndiye zakogona sitimaziganizira kwenikweni, bola pali bedi, fani ndi loko pachitseko basi. Koma pali kagulu kena komwe kakukula, awa a ma workshop ndi misonkhano, komanso ife ena amene geni ikayenda bwino timati ayi nanenso ndikagoneko kumene kumagona anthu, ndidzuke ndikuona nyanja ya mchere pawindo. Ndiye ukangolowa m'mahotela akuluakuluwa, thukuta lisanaume n'komwe, wa pa risepishoni amakufunsa ngati uli membala, ukati ayi amakuuza kuti kulembetsa n'kwaulere, ungopereka imelo, uziunjika ma pointi, tsiku lina udzagona osalipira. Mawu oti ulere ife amatifooketsa mawondo, tisanamizane. Ine ndinalembetsa, alamu anga amene amagwira ntchito ku bungwe lina la zaumoyo analembetsanso, koma zomwe timapezamo anthu awirife ndi zosiyana kutalitali.

Ndiyambe ndi nyanjayo kaye, chifukwa munthu usanayambe kuwerengera ma pointi umayenera kudziwa chomwe ukugula. Hotela ya ku Dar ikalemba kuti ili m'mbali mwa nyanja, funsani kuti mbali yake iti. M'tauni mwenimweni cha ku Kivukoni, kumene kuli Hyatt Regency yomwe akuluakulu amaitchulabe kuti Kilimanjaro, madzi omwe mukuona pawindo ndi a padoko, mumaona sitima zodzaza makontena zikulowa pang'onopang'ono, maboti othamanga opita ku Zanzibar, ndi pantoni yowolotsa anthu kupita ku Kigamboni itadzaza mpaka kukhosi. Usiku ndi pokongola zedi magetsi akayaka, ndipo ngati mukudikira galimoto yanu mumangoti mwina ili mu sitima iyoyo, koma kusamba apo iwalani. Mukapita ku Oyster Bay ndi Masaki, kumene kumakhala akazembe ndi anthu a ndalama zawo, malo ambiri gombe lake ndi lamiyala, Sea Cliff mwachitsanzo inakhala pamwamba pa thanthwe, mafunde amamenya pansi inu mukumwa tiyi pamwamba. Mchenga woti n'kuyalapo chitenje uli ku Coco Beach komwe ndi kwa aliyense, kapena mutuluke tauni kulowera kumpoto ku Mbezi Beach, Jangwani ndi Kunduchi, apo ayi muwoloke kupita kumwera ku Kigamboni.

Ndiye apa pali kusinthanitsa komwe zithunzi za pa intaneti sizinena. Mchenga wabwino uli kutali ndi komwe kuli zochita zanu. Mukagona ku Kunduchi ndiye ejenti wanu wakuuzani kuti mukumane kudoko m'mawa, dziwani kuti tsiku lanu liyamba kukadali mdima chifukwa mzere wa magalimoto wa mumsewu wa Bagamoyo si wamasewera, mtunda woti Lamulungu mumadutsa mukuimba nyimbo, Lolemba mumakhala mukuyang'ana bampala ya daladala, minibasi ya kumeneko, imodzimodzi mpaka kuloweza zomwe analemba kumbuyo kwake. Mlatho wa Tanzanite womwe anatsegula mu 2022 unathandizako kwa ochokera ku Oyster Bay kulowa m'tauni, wa ku Kigamboni wa 2016 nawonso unapeputsa anthu omwe ankangodalira pantoni, ndipo mabasi othamanga a m'tauni omwe amawatcha mwendokasi ali ndi kanjira kawokawo, komabe Dar ndi Dar. Ine ndimati ngati mwapitira ntchito gonani pafupi ndi ntchitoyo, nyanja muisiyire masiku omaliza zonse zikatheka.

China chomwe chimatidabwitsa ife okulira ku Senga Bay, Mangochi kapena Nkhata Bay ndi choti nyanja ya mchere imachoka. Yathu ija pomwe mwaisiya madzulo ndi pomwe muipeze m'mawa, mwera ukhoza kuivundula koma siithawa. Iyi imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, nthawi yake imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mdima ndi pomwe imapita kutali kwambiri. Alamu anga tsiku lawo loyamba anatsika atavala kabudula, thaulo paphewa, akafike kugombe apeza madzi ali uko kutali, patsogolo pawo pali matope, ndere ndi azimayi akutola nkhono, anabwerera kudzafunsa wa pa risepishoni ngati kwachitika chilala. Mnyamatayo anangoseka n'kuwaonetsa kapepala komwe amalembapo nthawi ya madzi tsiku ndi tsiku. Ndiye musamaone ngati swimming pool pa hotela ya kunyanja ndi zongokometsera, masana ena ndi madzi okhawo omwe mungalowemo. Mukamayenda pomwe paphwapo valani kanthu kuphazi, pali tizilombo tina tozungulira taminga takuda tobisala m'miyala, kakakubayani tchuthi chathera pomwepo. Ofunadi madzi oyera amakwera boti kupita pa tizilumba ta Bongoyo kapena Mbudya, la ku Bongoyo limanyamukira pa Slipway.

Kutentha sindinena zambiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ku Dar sikutentha kokha, mpweya umakhala wonyowa moti ukasamba n'kuvala umafuna usambenso, anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa okha ndi omwe sadandaula kwambiri. Chipinda chopanda aircon yogwira ntchito nyengo imeneyi musalole ngakhale atakuikani poyang'ana nyanja. Mvula yaikulu ndi ya Malichi mpaka Meyi, Juni mpaka Seputembala kumakhala bwinoko.

Tsopano ma pointi aja. Kuti mumvetse muyenera kudziwa kuti mahotela ambiri omwe timawaona ngati osiyana ali pansi pa makampani ochepa. Marriott inagula Protea ya ku South Africa mu 2014, kenako mu 2016 inagula Starwood omwe anali eni dzina la Sheraton, ndipo mu 2019 mapulogalamu awo onse a makasitomala anawapatsa dzina limodzi la Marriott Bonvoy. Ndiye nambala imodzi yomweyo imagwira ntchito ku Ryalls ku Blantyre, ku Protea ya ku Oyster Bay, ndi ku Four Points yomwe anthu amaidziwa kuti New Africa m'tauni mwa Dar. Pamahotela awo ambiri dola iliyonse yomwe mwalipira imakupatsani ma pointi 10, ena otsikirapo amapereka theka lake. Kenako pali makwerero, mukagona masiku 10 pachaka ndinu Silver, 25 ndinu Gold, 50 Platinum, 75 Titanium. A Hyatt ali ndi yawo, World of Hyatt, ma pointi 5 pa dola, makwerero ake ndi masiku 10, 30 ndi 60. Kulembetsa n'kwauleredi, apo sananame, ndipo ngakhale muli pansi penipeni mumapeza Wi-Fi yaulere ndi mtengo wa mamembala womwe umatsikako pang'ono mukabukitsa kwa iwo eni.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti chipinda ndi madola 150 usiku umodzi, msonkho tisanaikepo chifukwa ma pointi sawerengera msonkho, ndipo VAT ya ku Tanzania ndi 18 peresenti ndiye ndalama yomwe yatuluka m'thumba ndi yambiri kuposa yomwe akukuwerengerani. Usiku umenewo mwapeza ma pointi 1,500. Tinenenso kuti usiku waulere pamalo omwe mukufuna akufuna ma pointi 20,000, izi ndangoyerekeza chifukwa mtengo wake umasinthasintha, ndiye kuti muyenera kuwononga madola 2,000 kaye, masiku oposa 13 pa mtengo uja, kuti mupeze usiku umodzi. Munthu wopita ku Dar kamodzi kapena kawiri pachaka, n'kugona m'hotela yotere masiku awiri omaliza okha chifukwa ena onse anali ku Kariakoo, adzafika liti? Ndipo mukakhala miyezi 24 osachita kalikonse pa akaunti yanu ma pointi aja amafufutika. Anthu ambiri omwe ndimawadziwa ali ndi ma pointi zikwi zitatu, zinayi, ongokhala, osakwana kanthu, kudikira tsiku lofufutidwa.

Pali zina zomwe wa pa risepishoni sanena pokulembetsani, osati mwankhanza koma mzere umakhala wautali kumbuyo kwanu. Mukabukitsa kudzera pa mawebusaiti obukitsira mahotela ngati Booking.com kapena Expedia, ma pointi palibe, usikuwo sauwerenganso pa makwerero aja, amafuna mubukitse pa app yawo kapena kwa hotela mwachindunji. Ndipo kubukitsa pa app kumafuna khadi la kubanki loti likhoza kulipira kunja, apa nde mukudziwa nokha mmene nkhani ya forex ilili kwathu, khadi limakana iwe ndalama zili mu akaunti, kubanki akuti dikirani. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chipinda chomwe chija cha madola 150 chinangodzuka chakwera ife tili mtulo. Alamu anga amakonda kunena kuti ma pointi ndi abwino chifukwa sagwa ndi kwacha, zomwe ndi zoona mbali ina, koma amaiwala kuti eni ake akhoza kuwagwetsa okha. Kale Marriott inali ndi tebulo loti hotela ya gulu ili ndi ma pointi mwakuti, mu 2022 anachotsa tebulolo, pano mtengo wa usiku waulere umayenda ndi kuchuluka kwa anthu ofuna zipinda, ndiye nthawi ya Khirisimasi yomwe inu mukufuna kupita ndi banja ndi yomwenso amafuna ma pointi ambiri.

Nanga amapindula ndani? Anthu ngati alamu anga. Chinsinsi chake ndi choti ma pointi amapita kwa amene wagona, osati amene watulutsa ndalama. Bungwe likawatuma ku Dar, Nairobi, Johannesburg, iwo amangopereka nambala yawo pa check-in, ndalama ndi za ofesi, ma pointi ndi awo. Pulogalamu yonseyi inapangidwira munthu woyenda ndi ndalama za abwana, kuti akamasankha kogona azikakamira kampani imodzi ngakhale pafupi pali hotela yotchipa, poti kusiyana kwa mtengoko sikukumupweteka iye. Ndiye ngati inu muli m'gulu limeneli ndipo simunalembetse, mukutaya zinthu zaulere, lembetsani lero. Kungoti chenjerani ndi misonkhano ija yomwe okonza amabukitsa zipinda zambiri pamodzi n'kulipira bilu imodzi, nthawi zambiri zipinda zimenezo sizibala ma pointi, alamu anakhalapo sabata yathunthu akumwetulira kuti akukolola, pobwera apeza pa app palibe chalowa.

Iwowo anafika pa Gold, ndipo mmene amanenera mungaganize kuti akafika pa hotela amawayalira kapeti. Zenizeni zake ndi izi, amawonjezeredwa 25 peresenti pa ma pointi, amatha kutuluka 2 koloko masana m'malo mwa nthawi ya aliyense ngati malo alipo, ndipo amatha kuwasamutsira chipinda chabwinoko ngati chilipo. Mawu oti ngati chilipo ndi omwe amalamulira zonse. Kadzutsa waulere ndi kachipinda kapamwamba kaja komwera tiyi ndi zokhwasula zimayambira pa Platinum, masiku 50 pachaka, munthu ameneyo kwawo amakhalako liti? Komanso kadzutsayo kuno kwathu ku Africa si nkhani yaikulu ngati ku America kapena ku Ulaya, mahotela ambiri a ku Dar amaika kale kadzutsa mu mtengo wa chipinda, ndiye chinthu chomwe azungu amalimbirana ife timadya kale ndi aliyense, mapapaya, chinanazi, maandazi, chapati, mazira okazingira pomwepo.

Upgrade ndinaionako ndi maso anga pa hotela ina yomwe sinditchula. Tinafika limodzi, ine wamba iwo Gold, mtsikana uja anawauza mwaulemu kwambiri kuti bambo takusamutsirani ku chipinda choyang'ana nyanja. Alamu anandiyang'ana ndi diso lija loti waona. Titakwera kukaona, chipinda chake chimodzimodzi changa, bedi yomweyo, kabati yomweyo, kungoti chili nsanjika ziwiri pamwamba ndipo ukaima pakona ya khonde n'kusuzumira kumanzere umaona kachidutswa ka buluu pakati pa nyumba ziwiri. Tsiku lonyamuka atapempha zotuluka 2 koloko zija anawauza kuti pepani lero sizitheka, tili ndi ukwati madzulo zipinda zonse zatengedwa, ndipo anali m'malamulo awo, palibe chomwe akanatsutsa. Tinakhala pa risepishoni ndi zikwama tonse awiri, wa Gold ndi wopanda kanthu, tikupukuta thukuta mofanana.

Ndipo izi zinandiwawa ine kuposa iwo, chifukwa kwa ine pa zonse zomwe amalonjeza, chinthu chaphindu ku Dar ndi chimenechi, nthawi. Osati botolo la madzi lolembedwa kuti takulandirani, osati ma pointi. Taganizani, mwatuluka m'chipinda m'mawa, ndege yanu ndi yamadzulo kapena basi yopita ku Mbeya ndi Kyela ndi ya m'bandakucha, tsiku lonse muzungulira mu kutentha kuja kumalizitsa zogula, kenako mukakhale pampando ulendo wa makilomita oposa 800 musanafike n'komwe pa boda ya Songwe, thupi lonse likunata. Munthu amene angakulole kusamba 5 koloko madzulo usananyamuke wakupatsa chinthu chachikulu kuposa usiku waulere wa chaka chamawa. Chimodzimodzinso odikira galimoto, aliyense amene anatulutsapo galimoto padoko la Dar amadziwa kuti ejenti akati mawa ndiye kuti mwina mawa, mwina Lachisanu, sisitimu yagwa, pepala lina silinasainidwe, ndiye umafunika kuwonjezera masiku mwadzidzidzi. Pa hotela yaikulu ukati ndiwonjezere usiku umodzi amayang'ana pa kompyuta n'kukuuza mtengo wa lero, womwe ukhoza kukhala wokwera kuposa wa dzulo, kompyutayo siidziwa kuti ndinu kasitomala wokhulupirika amene wagwidwa ndi zapadoko.

Apa ndi pomwe ndimakondera timahotela tating'ono ta anthu wamba, ndipo ndikuvomera kuti ndimakondera. Pali kena kutsidya ku Kigamboni komwe ndimakonda kuthera masiku omaliza, zipinda zake zochepa, mchenga uli pomwepo ukangotuluka pageti lakumbuyo, mwini wake ndi mayi wina wachikulire amene aliyense amangomuti Mama. Alibe app, alibe khadi la umembala, ali ndi kope lalikulu lachikuto cholimba ndi mutu wawo. Ndimawalembera pa WhatsApp ndili ku Lilongwe kuti Mama ndikubwera sabata yamawa, amayankha kuti chipinda chako chilipo mwanangu, osafunsa khadi la kubanki, ndidzalipira ndikafika ndi ma shilingi. Mtengo anandiikira kalekale ndipo akakweza kwa ena ine amandiuza kaye. Katundu wa ku Kariakoo amandisungira m'chipinda chawo chosungiramo zinthu ngakhale masiku omwe sindikugona pamenepo, tsiku lonyamuka amati siya zikwama, pita, ukabwera ukasambe ku chipinda chakumapeto chilibe munthu. Ali ndi mnyamata wa bajaji, kanjinga kamoto ka mateyala atatu konyamula anthu, amene amamudalira, amamuimbira okha n'kumuuza mtengo kuti asandidule poona kuti Chiswahili changa n'chothyokathyoka. Zili ngati mayi wa tomato wa pamsika amene umagula kwa iye tsiku ndi tsiku, banyira wake sawerengera pa pepala, amangoyang'ana nkhope n'kuponyamo awiri.

Koma ndisakunamizeni kuti kumeneko ndi kumwamba. Magetsi akazima jenereta yake imalira pafupi ndi windo ndipo siikoka aircon, imangokwanitsa fani. Madzi a mu shawa nthawi zina amamveka kamchere. Loweruka kugombe kumakhala nyimbo mpaka usiku kwambiri. Ndipo vuto lalikulu ndi loti zonse zomwe ndatchulazi sizinalembedwe paliponse, zili m'mutu mwa Mama, tsiku lomwe adzatope n'kusiyira mwana wawo kapena kulemba manejala watsopano, ine ndidzakhala mlendo ngati wina aliyense. Alamu akandigwira pamenepa ndimasowa choyankha, iwo Gold yawo akafika nayo ku Cape Town kapena ku Accra kompyuta imawadziwa, ine Mama wanga ndi wa ku Kigamboni kokha. Komanso kwa mzimayi amene akuyenda yekha koyamba, kapena munthu wofika usiku ndi ndege, hotela yaikulu ili ndi mtendere wake, alonda pageti, sefa m'chipinda, galimoto yokutenga ku eyapoti, risiti yooneka bwino yokapereka ku ofesi. Zimenezo ndi zenizeni ndipo ndi zomwe mukulipira, osati ma pointi.

Pakatikati pali Genius, pulogalamu ya makasitomala ya Booking.com, yomwe kwa munthu woyenda mwa apo ndi apo ndimaona kuti ndi yomveka kuposa zinazi chifukwa siikuuza kuti udikire, imangochotsa pa mtengo pomwepo. Ukangotsegula akaunti uli pa sitepe yoyamba, 10 peresenti pa malo omwe analowa nawo m'pulogalamuyi, ukabukitsa kasanu m'zaka ziwiri umakwera sitepe yachiwiri pomwe malo ena amawonjezera kadzutsa, ukafika ka 15 sitepe yachitatu. Ubwino wake simukakamira kampani imodzi. Koma dziwani kuti kuchotserako amalipira ndi hotela yomweyo, pamwamba pa komishoni yomwe amapereka kale, ndiye malo ang'onoang'ono mukawapeza pa Booking n'kugonako kamodzi, ulendo wachiwiri tengani nambala yawo muziwaimbira nokha, ambiri amakondwa kukupatsani mtengo wotsikirapo chifukwa nawonso apulumuka komishoni.

Chinthu china chomwe ndaona, ngakhale m'mahotela akuluakulu momwemo, munthu wa pa desiki ali ndi kampata kochita zinthu komwe kompyuta sinamuuze. Anthu a ku Tanzania amalemekeza moni kwambiri, mwina kuposa ife, ukafika n'kungoponya pasipoti pa kauntala osapereka moni wayamba kale molakwika. Ukamupatsa moni bwinobwino, kumufunsa za ntchito, wachikulire kumupatsa shikamoo yake, moni waulemu wa kwa akuluakulu, ukabweranso ulendo wina n'kumukumbuka dzina, zinthu zimayenda mwina. Ine wopanda Gold ndapatsidwapo ola lowonjezera kangapo chifukwa chongopempha usiku wake osati m'mawa womwewo aliyense akupempha. Vuto lathu Amalawi ndi manyazi, timaopa kupempha ngati tikupempha chithandizo, chonsecho talipira. Aircon ikulira ngati chigayo timangopirira usiku wonse n'kudzadandaula tili kwathu. Nenani, mwaulemu koma nenani, amakusinthirani chipinda. Ndipo amene wakuthandizani musamuiwale, kaya ndi ka tipu kwa okonza m'chipinda ndi onyamula zikwama, kaya kumutchula dzina pa kafomu kaja amatumiza pa imelo mukachoka, mabwana awo amawerenga zimenezo.

Pomwe ndimaseka alamu kwambiri ndi pa chakudya. Poti zomwe wadya mu hotela n'kulembetsa ku chipinda zimabalanso ma pointi, iwo madzulo amakhala mu lesitilanti ya hotela kudya nsomba ya mtengo woti kunja mukanadya anthu anayi, akuti ndikuunjika. Pa ndalama za ofesi zimenezo n'zomveka, koma amachitanso ngakhale ulendo uli wa m'thumba mwawo, ndipo apa ndi pomwe umaona kuti pulogalamu ija yagwira ntchito yomwe anaipangira. Chonsecho Coco Beach ili pafupi, madzulo dzuwa likapepa mumapeza chinangwa chokazinga chothira tsabola ndi ndimu, mishkaki, nyama yotungidwa pa timitengo, ikupsa pamakala, madzi a kokonati akukusendera pomwepo, mabanja a ku Dar atadzaza gombe lonse, ana akuthamangitsana m'madzi ndi zovala. M'mawa kwambiri mukhoza kupita ku msika wa nsomba wa ku Kivukoni kukaona akugulitsa mokweza mitengo nsomba zoti kwathu sitinazionepo, ndipo chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, chili pakona iliyonse. Foni ndi chikwama gwirani bwino, ndi tauni yaikulu, ndipo kugombe kukada musamayende nokha kumalo opanda anthu. Komabe kupita ku Dar n'kumadya chakudya chonse mkati mwa mpanda wa hotela chifukwa cha ma pointi 300, ine ayi.

Kwa amene muli nawo kale ma pointi ochulukirapo, pali tinthu tiwiri titatu tothandiza. Mukalipira ndi ma pointi masiku asanu otsatizana ku Marriott amakuwerengerani anayi, ndiye kuli bwino kusunga mpaka akwane asanu kusiyana n'kuwamwaza usiku umodzi umodzi. Mukayenda ndi banja n'kutenga zipinda ziwiri kapena zitatu, inu n'kugona m'chimodzi ndi kulipira zonse, ma pointi a zipinda zonsezo amabwera kwa inu, bola muwauze pa check-in aike nambala yanu. Bilu yomaliza musaitaye, ma pointi akapanda kulowa ndi yomwe mumatumiza podandaula. Ndipo musaiwale kuti usiku waulere ku Dar kapena ku Zanzibar si ulendo waulere, tikiti ya ndege, chakudya ndi zoyendera zonse zikufuna forex yomwe ija. N'chifukwa chake ndinawauza alamu kuti m'malo molota za Zanzibar, ma pointi awowo akawathere ku Ryalls konkuno, atenge achemwali anga pa basi ya ku Blantyre Lachisanu, akagone masiku awiri, chakudya alipire ndi makwacha. Akuti aganizira, koma ndaona kale pa foni yawo akuyang'ana zithunzi za ku Nungwi, gombe la ku Zanzibar komweko.